Kapiritsi Kamadzulo

Anatula dengu pakati pa mzere, osati kumapeto kumene anthu amatulira. Ndinaona ndili kumtunda. Mwa anthu onse amene ankathyola tiyi m'gulu langa, akazi anga ndi amene sakanachita zimenezo. Zaka zonse zimene ndinakhala kapitawo wawo sanandichititsepo manyazi pa ntchito.

Izi si nthano. Ndine munthu wosakonda kuyankhula, ndipo sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Likanakhala bodza sindikanavutika kulilemba. Mayina sinditchula. Amene analipo tsikulo akudziwa.

Ndinatsika. Inali cha m'ma naini m'mawa, nyengo ya mvula, pamene tiyi amaphuka osadikira munthu. Ndinawapeza atakhala pansi pakati pa mitengo ya tiyi, thukuta likuyenderera, nkhope itatuwa. Ndinafunsa chavuta n'chiyani. Anati akumva mseru, mpweya ukuwachepera, ndipo nsagwada ikuwawa ngati dzino lobooka. Anatinso pakati pa mapewa pakulemera ngati dengu sanatule.

"Ndi shuga watsika," ndinatero.

Sindinawafunse. Ndinawauza.

Kuti mumvetse chifukwa chake ndinayankhula motsimikiza chonchi, ndibwerere m'mbuyo pang'ono.

Matenda a shuga anayambira ine, zaka zisanu ndi ziwiri iwo asanawapeze nawo. Ludzu, kukodza pafupipafupi, kuwonda. Kukiliniki ya pa esiteti anandipatsa mapiritsi ndipo zinasintha. Kawiri konse shuga ananditsikira ndili m'munda: thukuta, kunjenjemera, mdima m'maso. Ndinamwa tiyi wothira shuga, ndipo ndisanamalize ndudu imodzi ndinali nditaimirira. Kuyambira pamenepo ndinkayenda ndi kapepala ka shuga m'thumba, ndipo ndinadziona kuti matendawa ndawamaliza kuwadziwa. Aliyense wa m'malayini, nyumba za antchito a pa esiteti, amene amupeza ndi shuga ankabwera pakhomo panga kudzafunsa. Ena ankanditcha dokotala wa m'malayini. Ankaseka, koma ine ndinkakondwa nalo dzinalo.

Akazi anga atawapeza ndi shuga anabwera kunyumba ndi mapiritsi amitundu itatu. Lalikulu loyera la shuga. Lina la kuthamanga kwa magazi. Ndi kena kakang'ono kakumwa madzulo. Anandifotokozera zimene namwino ananena, kuti shuga amawononga mitsempha ya magazi pang'onopang'ono, ndiye mafuta ena a m'magazi, amene amati kolesterolo, amakanirira m'mbali mwa mitsemphayo mpaka njira imachepa. Ikatsekeka njira yopita ku mtima kapena ku mutu, munthu amagwa. Kapiritsi kamadzulo kanali kochepetsa mafutawo.

Ndinaseka. Ndinawagwira mkono n'kuwafunsa kuti mafuta ake ali pati. Munthu wokwera mitunda kuyambira sikisi koloko, dengu lili kumsana, nthiti zikuwerengeka, mafuta angakhale malo ati? Ndinati amenewo ndi matenda a mabwana a muofesi, a mimba zotsogola, oyenda pa galimoto ngakhale popita kuchimbudzi. Ndinawauza kuti nanenso anandipatsa kapiritsi komweko, ndinamwa mwezi umodzi n'kusiya, ndipo ndine pano. Piritsi la shuga umalimva likugwira ntchito, ludzu limatha. Koma aka? Umwe, usamwe, chimodzimodzi. Ine ndinkalandira, n'kukataya m'chimbudzi.

Koma iwo sanasiye. Anamwa miyezi itatu.

Kenako akatumba a miyendo anayamba kuwawa. Mumzere anayamba kutsalira. Amayi anzawo ankawaseka kuti mkazi wa akapitawo wayamba kuyenda ngati mwini esiteti. Mawu amenewo anandipeza, ndipo anandiwawa kuposa mmene anawawira iwo. Kapitawo amene mkazi wake ndiye wotsalira angakalipire ndani? Madzulo ake anandiuza kuti namwino ananeneratu kuti miyendo ikadzawawa abwerere, pali njira yochepetsa mlingo kapena kusintha mtundu wa mankhwala. Ndinati nyengo ya tsamba ino palibe wochoka mumzere kukakhala pabenchi kukiliniki chifukwa cha miyendo.

"Siyani kapiritsi kameneko, mayi. Basi."

Anasiya. Miyendo inapola, kaya chifukwa cha zimenezo kaya ayi, sindikudziwa. Ine ndinati mwaona.

Sizinathere pa piritsi. Namwino ananena za mchere, ine ndinati ndiwo zopanda mchere ndi za akaidi. Ananena za mafuta okazingira, koma Loweruka lililonse pakhomo pathu pankakazingidwa zitumbuwa m'mafuta omwewo mpaka ade. Mang'ina ndinkagula ndine. Za pachiwaya ndinkabwera nazo ndine, n'kuwaumiriza kuti alaweko. Chingambwe changa ndinkasutira m'nyumba, zenera lili lotseka chifukwa cha kuzizira, iwo akupuma utsi womwewo. Atauzidwa kuti akayezetse mafuta a m'magazi kuchipatala chachikulu, ndinafunsa kuti ulendo wake wa chiyani munthu ali bwinobwino. Tiyi wa shuga yekha ndi amene tonse tinasiya, ndipo tinkadziona kuti tikudzisamala.

Zinapita zaka ziwiri. Ndiye linafika tsiku lija.

Nthawi imeneyo ya m'mawa esiteti imabweretsa tiyi wotsekemera m'chigubu kuti othyola amwe. Ndinatuma mayi wina wa mzere woyandikana, mnzawo wa kutchalitchi, kuti akatunge kapu imodzi. Ndinathiramo shuga wa m'thumba mwanga. Anamwa, n'kusanza. Ndinatumanso ina. Iyi inakhala m'mimba. Tinawagwiriziza mpaka pa shedi yoyezera masamba, n'kuwakhazika pa thumba.

Mnzawo uja anandiyandikira. Anati, akapitawo, nkhope iyi sikundisangalatsa, pitani nawo kukiliniki. Ndinamufunsa ngati amadwala shuga. Anati ayi. Ndinamuuza kuti abwerere mumzere wake.

Pasanapite nthawi inafika thirakitala yodzatenga masamba a sikelo yoyamba. Ngolo yake imapita kufakitale, ndipo kiliniki ili pafupi ndi fakitale. Dalaivala anawayang'ana akazi anga, n'kundiuza kuti tiwagoneke pamwamba pa matumba, awatsitsa pakhomo pa kiliniki.

Apa ndi pamene pali mlandu wanga, ndiye ndifotokoze bwino.

Lamulo linali lakuti pa ngolo ya masamba sipakwera munthu. Tsamba likaponderezedwa limapsa. Ine lamulo limeneli ndinkalisunga kuposa amene analipanga. Mwezi wapitawo ndinakaniza bambo wina amene ankati mutu ukumuwawa, anayenda wapansi. Tsopano gulu lonse linali pa shedi, madengu m'manja, maso ali pa ine. Ndikweze mkazi wanga? Mawa adzati chiyani? Adzati lamulo la akapitawo limathera pakhomo pawo. Patapita masiku bwana wa munda anandiuza kuti lamulolo silinakhudzepo munthu wodwala kwambiri, ndipo ndikanangokweza. Ndinkadziwa zimenezo. Si lamulo linandigwira. Ndi maso a anthu.

Ndinauza dalaivala kuti shuga akukwera, akhala bwino posachedwa, azipita. Anazengereza pang'ono, kenako analiza injini. Akazi anga anangoiyang'ana thirakitala ikutsika mpaka inakhota kuseri kwa mabulugamu.

Ndinabweza anthu mumizere. Ndinkayendera ntchito koma maso ali ku shedi. Mumtima ndinkadziwa kuti china chake sichikugwirizana. Ine shuga akanditsikira ndinkadzuka ndudu isanathe. Apa panadutsa ola lathunthu, makapu awiri, munthu ali chikhalire. Kunjenjemera kuja kwa shuga wotsika panalibe. Koma kuvomera zimenezo kunali kuvomera kuti dokotala wa m'malayini waphonya, pamaso pa anthu amene ndawakalipira. Ndinadziuza kuti tidikire pang'ono. Ndinadziuza kangapo.

Mnzawo uja sanabwerere mumzere. Anandinyozera, ndipo lero ndimamuthokoza. Ndikudutsa pafupi ndi shedi ndinamva akazi anga akuyankhula naye m'Chilomwe, chiyankhulo cha amayi awo, chimene pa ntchito sankachiyankhula. Ankamuuza za mwana wathu wamkazi wotsiriza, kuti ali folomu thuu, kuti asadzasiye sukulu, kuti yunifolomu yake ina ili kwa telala.

Munthu amene shuga wamutsikira salawira ana.

Ndinalowa mu shedi. Milomo yawo inali itada, manja ozizira ngati madzi a m'mawa. Ankapuma mofupikitsa, pakamwa pali yasa. Ndinaimba foni kwa bwana wa munda. Anati galimoto ili kudera lina la esiteti, msewu wa kumeneko ndi matope, itenga nthawi. Thirakitala yachiwiri imabwera masana.

Ndinawabereka kumsana.

Amene sanayendepo m'munda wa tiyi mvula itagwa sangadziwe. Njira ndi yopapatiza, dothi lofiira loterera, nthambi zikukukola m'chiuno. Ndinagwa kamodzi ndi mawondo, osawataya. Mnzawo uja ankathamanga pambuyo atanyamula nsapato zawo. Chimene sindidzaiwala ndi mpweya wawo pakhutu langa. Unkabwera, n'kusiya. Ndinkawerenga masitepe podikira kuti ubwerenso. Sikisi. Seveni. Eyiti. Kenako unkabwera. Nthawi ina ndinafika pa khumi ndi ziwiri. Ndinaima chilili pakati pa njira, ndikuganiza kuti ndabereka mtembo. Ndinawagwedeza. Anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi.

Anali opepuka. Ndinakhala nawo zaka zonsezi osadziwa kuti ndi opepuka chonchi. Ndipo m'mutu mwanga munkangobwera mawu anga omwe aja, akuti mafuta ake ali pati.

Titatulukira pamsewu ndinamva injini. Anali dalaivala uja, ngolo ili yopanda kanthu. Kufakitale kuja anatsitsa masamba mofulumira, anadziwitsa namwino, n'kubwerera popanda womutuma. Anatsika, anayala matumba, tinawagoneka. Akanandilalatira mwina zikanandipepukira.

Kukiliniki namwino anawabaya chala. Shuga sanali wotsika. Anali wokwera kwambiri. Anafunsa amene wawapatsa zotsekemera, ndinati ndine. Anati kupereka shuga poyamba, ngati ulibe choyezera, si kulakwa, koma munthu akapanda kusintha pakatha mphindi khumi ndi zisanu, ndiye kuti vuto ndi lina, thamanga naye. Kenako anafunsa kuti zayamba nthawi yanji. Ndinanena. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa thwelofu. Anandiyang'ana ine, n'kupitiriza ntchito yake. Anawapatsa piritsi lotafuna, anaitana ambulansi.

Kuchipatala chachikulu anawamata mawaya pachifuwa, makina n'kutulutsa pepala. Adokotala anandiitanira pambali. Anati ndi mtima. Mtsempha wina wodyetsa mtima unatsekeka, ndipo mbali ya mnofu wa mtima imene inasowa magazi kwa maola amenewo yafa, sibwereranso. Ndinati koma pachifuwa sanadandaule. Anati anthu a shuga nthawi zambiri samva ululu wa pachifuwa umene ena amamva, chifukwa shuga amafooketsa mitsempha yomvera ululu. Ena, makamaka amayi, amangomva mseru, thukuta, kubanika, kuwawa kwa nsagwada kapena msana. Ndinafunsanso kuti nanga munthu woonda chonchi, wogwira ntchito yakalavulagaga. Anati mafuta a m'magazi saoneka pathupi. Woonda naye amakhala nawo. Ntchito yolimba imathandiza, koma siichotsa ngozi imene shuga wabweretsa.

Anapulumuka. Anakhala m'chipatala masabata awiri.

Tsiku lachitatu ndinapita kunyumba kukawatengera zitenje zosinthira. Pansi pa sutikesi yawo ndinapeza chitini cha mkaka. Ndinatsegula. Munali timapepala tapulasitiki ta kukiliniki, todzaza ndi tipiritsi tamadzulo tija, tosatsegula. Mwezi uliwonse ankalandira, poopa kukalipiridwa ndi namwino akanena kuti anasiya. Ine anga ndinkataya. Iwo sataya chinthu. Anasanja bwinobwino, kapepala pamwamba pa kanzake. Ndinayamba kuwerenga, ndinafika pa makumi awiri, ndinasiya. Ndinakhala pamphasa chitini chili pamiyendo mpaka basi yobwerera kuchipatala inandisiya. Ndinachibweza pomwe chinali.

Papita zaka zinayi tsopano. Akazi anga sathyolanso tiyi. Kuchoka pa mjigo kufika pakhomo amapuma kawiri, ndipo ndowa amanyamula ndi ana. Munthu amene ankatsogola mumzere. Amamwa mapiritsi asanu, ndipo kamadzulo kaja ndimawapatsira ndine m'manja. Nanenso ndinakanena zoona kukiliniki za anga amene ndinkataya. Atandiyeza, mafuta anga anali okwera kuposa awo. Ndimamwa tsopano. Fodya ndinasiya, movutika. Mang'ina salowa pakhomo pathu. Timadya nyemba, nandolo, masamba, usipa, peyala pang'ono, mchere wongolawitsa. Tsiku la kiliniki sitilumpha, ngakhale tsamba lichuluke bwanji. Anthu akabwera kudzafunsa za shuga ndimawalozera njira ya kukiliniki.

Chimene ndimakhulupirira lero ndi ichi. Shuga sayenda yekha. Ukamayang'ana nambala ya pa chala yokha, mtima ukuwonongeka mbali ina mwakachetechete. Piritsi limene sukulimva likugwira ntchito mwina ndi limene likukusunga. Likakuvuta, bwerera kwa amene anakupatsa, osati kwa mnzako, ngakhale mnzakoyo akhale mwamuna wako. Ndipo munthu wa shuga akatuluka thukuta, akabanika, mwamupatsa zotsekemera koma sakusintha, musadikire sikelo yachiwiri. Mukwezeni pa chilichonse chimene chili ndi mateyala. Anthu anene zimene anene.

Kwatsala chinthu chimodzi. Ichi sindinauzepo munthu, ndipo ndi chimene chandilembetsa zonsezi.

Tsiku lowatulutsa m'chipatala tinalipo atatu pambali pa bedi: ine, mwana wathu wamkazi woyamba, ndi alamu anga, mchimwene wawo wamkulu, amene anachokera ku Changata atamva uthenga. Adokotala anabwera ndi kabuku kawo ka kuchipatala. Anatsegula masamba, n'kunena kuti m'kabukumu mukuoneka kuti mankhwala a mafuta ankalandira mwezi uliwonse, koma magazi akuonetsa ngati a munthu amene sanamwepo. Anati sakufuna kukalipira munthu, akufuna adziwe kuti aone ngati mankhwalawo akulephera kapena ayi. Anawafunsa ngati ankamwa.

Anati ayi.

Anafunsa chifukwa chake, ndiponso ngati alipo anawauza kuti asiye.

Ndinali nditaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja. Akazi anga sanandiyang'ane. Anayang'ana chitenje chawo, akuchisalaza ndi dzanja.

"Palibe anandiuza. Ndinasiya ndekha. Ulesi basi."

Adokotala anagwedeza mutu. Anati sangalumbire kuti piritsilo likanaletsa zimene zachitikazi, koma ntchito yake ndi yomweyo, kuchepetsa ngozi yotere, ndipo tsopano asadzasiyenso.

Atachoka, alamu anga anayamba. Anawakalipira achemwali awo pamaso pa odwala ena. Anati munthu wamkulu, wa ana anayi, kuchita masewera ndi moyo. Anati muli ndi mwamuna m'nyumba amene matendawa amawadziwa, anthu a m'malayini monse amakafunsa kwa iye, inu mukanangomufunsa. Mwana wathu nayenso anawonjezera, akulira, kuti amayi mukanatisiya chifukwa cha ulesi. Iwo anangolandira zonsezo.

Kenako alamu anatembenukira kwa ine. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Alamu, ndamva kuti munawabereka kumsana kutsika phiri lonse lija. Mukanapanda inu tikanakhala pa maliro. Zikomo."

Apo ndi pamene akazi anga anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. M'maso mwawo munalibe mkwiyo. Munalibenso pempho. Anangondiyang'ana, kudikira.

Mawu analipo. Oti ndine ndinawasiyitsa kapiritsi kaja. Anali ochepa, sakanatenga ngakhale mphindi imodzi.

Ndinasolola dzanja langa. Ndinavala chipewa. Ndinanyamula chikwama chawo, ndinadutsa pakati pa mabedi, ndinatuluka pakhomo la wodi, n'kumapita kumsewu.